Wogula Wachiwiri wa Pikapu ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chimene bambo anabweretsa pikapu yakufa kwathu, kufupi ndi Nsaru. Inabwera chokokedwa ndi thalakitala ya ku esiteti ya fodya kumene iwo ankagwira ntchito ya udalaivala. Eni esitetiyo anali ataitaya kuseri kwa zigafa, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo bambo ataipempha anangowauza kuti aichotse. Anaikhazika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, nkuyamba kuizungulira manja ali kumbuyo ngati munthu woyendera dimba lake.

"Iyenda imeneyi," anatero.

Amayi anayang'ana dzimbiri lija kamodzi, nkubwerera kukapeta mphale yawo.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse bambo ankavala ovolosi ndi kulowa pansi pa galimotoyo. Ankandiitana: "Yotamu, tabwera udzaone kabureta!" Ine kabureta ndinalibe naye ntchito. Mtima wanga unali kumsika wa pa Nsaru, komwe ndinkakonda kuima pafupi ndi ogulitsa mbuzi ndi kaunjika, kumvetsera mmene anthu amanenererana mitengo. Kumeneko ndinali nditaphunzira kale kuti munthu akakuitana ndi mawu okoma, pali chimene akufuna kukusenzetsa. Ndiye bambo akaitana, mutu unkandipweteka, kapena ndinkakumbukira homuweki imene aphunzitsi sanapereke. Ndikalephera kuthawa, ndinkaima potero nditagwira sipanala ngati ndagwira njoka yakufa, maso ali kumsewu. Mchemwali wanga Esinati, wamkulu kwa ine, ankangoseka. Iye bambo anali atamulephera kalekale.

Kenako bambo anasiya kundiitana. Zimenezi zinandisowetsa mtendere kuposa kuitana kuja. Munthu wokukakamiza malonda akangokhala chete mwadzidzidzi, dziwani kuti wapeza wina.

Winayo anafika pa njinga Loweruka lotsatira. Anali Lufeyo, msuweni wanga, mwana wa alongo awo a bambo a ku Kabudula. Anali mnyamata wamtali, wometa bwino, wamkulu pang'ono kwa Esinati.

"Atsibweni, ndabwera kudzaphunzira galimoto!" anatero mokweza, ngati akuwerenga zolengeza m'tchalitchi.

Kuti mumvetse mantha anga, dziwani kuti bambo anali mkamwini. Mudzi unali wa amayi, munda wa amayi, ifenso ana tinkawerengedwa a kuchikazi. Chimene bambo akanachitcha chawochawo pakhomo paja chinali ovolosi, bokosi la masipanala ndi pikapuyo. Ndipo aliyense ankadziwa mwambo wakale, woti katundu wa mwamuna amapita kwa mphwake, mwana wa mlongo wake, osati kwa ana obereka yekha.

Tsiku limenelo ndikutafuna nzimbe pakhonde, ndinamva bambo akuyankhula, mutu uli m'boneti koma mawu akudutsa pabwalo ponse.

"Chuma cha mkamwini chimadziwa njira ya kwawo. Amene akuchisamala ndi amene adzachitenge."

Nzimbe ija inatha kukoma.

Galimotoyo sindinkaifuna, koma sindinkafunanso kuti ipite ku Kabudula. Loweruka linalo Lufeyo anandipeza nditakhala kale pa tayala.

"Asuweni, lero mutu wapola?" anandifunsa. "Kapena mwabwera kudzalondera chuma?"

"Ndabwera kudzaona ngati mbava zimavala malaya osita."

"Taonani mwano! Akazi anga Esinati ali kuti, andipatse madzi akumwa? Ndikadzatenga galimotoyi, iwo azidzakhala kutsogolo, iwe kumbuyo ndi mbuzi."

Chisuweni chimalola zoterezi, ndiye aliyense anaseka. Ine ayi. Ndinayamba kumuyang'anitsitsa munthuyu monga ndinkaonera ogula mbuzi akuyang'ana mano, ndipo chilichonse mwa iye chinkandikayikitsa. Ankabwera ku ntchito ya girizi atavala malaya oyera, nkubwerera ali oyera chomwecho. Bambo akamutuma sipanala ya mapulagi, ankabweretsa pulayala. Ndinati mumtima, uyu akudzipusitsa dala, ngati wogula wonamizira kuti sadziwa mbuzi kuti mwini wake agone tulo. Choipitsitsa chinali potsazikana. Bambo ankamuperekeza mpaka kumsewu, kumeneko nkumanong'onezana, kuseka, kenako onse awiri nkucheukira kumene ndinali ine.

Ndinaganiza kuti tsiku lina chitsulo china chidzasowa. Koma munthu sungalondere chinthu chimene sukuchidziwa. Ndiye ndinayamba kufunsa. Ichi nchiyani, ababa? Nanga chingwe ichi chikupita kuti? Bambo ankayankha mosalabadira, ngati ndikuwasokoneza, koma ankayankha zonse. Ndinaphunzira kutsuka mapulagi ndi petulo, kumasula bawuti yodzimbirira popanda kuithyola, ndi kuyamwa paipi yotsekeka mpaka petulo atandilowa mkamwa, kuwawa kwake kosachoka ndi madzi kapena nzimbe. Zala zanga zinada mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndayamba kuwotcha makala. Mvula inabwera nkupita, fodya anapachikidwa m'zigafa nkugulitsidwa, ine ndili pansi pa pikapu, kulondera.

Tsiku lina Lufeyo atapita kukamwa madzi, ndinawachenjeza bambo.

"Ababa, msuweniyu samalani naye. Maso ake sakhala pa injini."

"Amakhala pati?"

"Amangoyendayenda pabwalo, ngati akuona zimene tili nazo pakhomo pano."

Bambo anakhosomola nthawi yaitali pansi pa galimoto paja, mapazi okha akugwedezeka. Ndinkayesa ndi fumbi.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, bambo anabwera ndi batire yogwirapo kale ntchito itamangidwa pa kaliyala wa njinga. Tinapopa matayala, tinachotsa njerwa, pikapu inaponda pansi. Kenako bambo anatulutsa kiyi m'thumba la ovolosi nkumukweza m'mwamba.

"Amene aliza lero ndiye mwini wake wa mawa. Lufeyo ali kuti?"

Miyezi yonse ija ndamwa petulo ine, kiyi apite kwa wamalaya oyera? Koma Lufeyo sankaoneka paliponse. Bambo anamuitana kamodzi kokha, ndi mawu oti ngakhale nkhuku ya pafupi sikanawamva.

"Palibe. Nanga iwe, ungathe?"

Kiyi ndinachita kuwatsomphola. Nditapotokola, injini inakhosomola nkukhala chete. Ndinapotokolanso. Bambo anathira kapetulo pang'ono mu kabureta, nkukuwa kuti, "Ponda, koma pang'ono!" Inalira. Utsi wakuda unadzaza pansi pa mango, nkhuku zinabalalika, mpando unkanjenjemera pansi panga ngati ndakhala pa chigayo. Amayi anatuluka m'nyumba nthungululu ili pakamwa. Ndinazindikira kuti inenso ndikukuwa, ndipo za ku Kabudula sindinkazikumbukira nkomwe. Ndinkangomva mapulagi anga aja akugwira ntchito.

Apo ndi pamene Lufeyo anatulukira m'njira ya kumjigo, chidebe cha madzi cha Esinati chili pa njinga yake, mwini chidebe akutsatira pambuyo.

"Eee, yalira!" anatero. "Ndiye kuti ntchito yanga yatha, eti atsibweni? Ine fungo la petuloli limandidwalitsa. Koma Loweruka ndizibwerabe, paja munalonjeza kuti pakhomo pano simudzandithamangitsa."

Bambo ankamukodola ndi dzanja kuti akhale chete, koma mawu anali atatuluka kale. Ndinazimitsa injini.

"Ntchito yanji?" ndinafunsa.

"Yokhala wogula wachiwiri, asuweni," anaseka Lufeyo. "Chigalimoto cha dzimbiri ine ndichitani? Ine ndinkabwerera zina."

Esinati anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukumba dothi.

Bambo anapukuta manja ndi nsanza, osandiyang'ana kumaso. Kenako anati, "Iwe paja umakonda kumsika. Mbuzi ikakhala ndi wogula mmodzi, amangoiona nthiti. Akafika wachiwiri, yanenepa pomwepo."

Ndinakwiya zedi. Ine, katswiri wa pamsika wa Nsaru, kugwidwa ndi msampha umene ndinkauona tsiku lililonse la msika! Ndinalumbira kuti sindidzagwiranso sipanala. Loweruka lotsatira ndinali pansi pa pikapu, chifukwa ekizozi inkalira molakwika ndipo khutu langa silinapirire. Koma Lufeyo ndi Esinati, lero ali ndi banja lawo ku Kabudula. Pa malonda onse aja, Lufeyo ndi amene anadziwa chimene ankafuna kuyambira pachiyambi.

Pano ndimagulitsa zitsulo za magalimoto pa Namitete, ndipo ndimadzitama kuti palibe angandiike m'thumba. Ndili ndi kagalimoto kanga kakale kamene ndimakakonza Loweruka, ndi ana awiri a ku sekondale, Tadala ndi mlongo wake Chisomo, amene maso awo anamera pa foni. Nditatopa kuwaitana, ndinakumbukira nzeru ya bambo. Ndinanyengerera mnyamata wa aneba, ndinamuimika pafupi ndi boneti, nkulengeza mokweza kuti galimoto idzapita kwa amene akuisamala.

Chisomo ananyamuka, nkulowa m'nyumba. Mtima wanga unati, wadya nyambo. Anatuluka ndi bokosi la masipanala, nkuliika pamapazi pa mnyamata uja.

"Zikomo kwambiri achimwene, mwatipulumutsa," anatero.

Tadala anandiyang'ana pamwamba pa foni yake.

"Adadi, sewero limeneli mwakonzera ife, eti? Mukanangonena kuti mukusowa wocheza naye."

Apo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene msampha uja unagwirira ine. Sikuti bambo anali ochenjera kwambiri. Ine ndinali mwana wokayika ngati bambo anga amandiwerengera kuti ndine wawo, m'mudzi umene unkanena zina. Iwonso anali mlendo pakhomo pawo pomwe, woopa kupempha mwana wake poyera kuti angakanidwe. Tonse awiri tinkatsata lamulo la pamsika, loti woonetsa kuti akufuna ndi amene amaluza. Ana anga sakayika za ine, ndiye ndinalibe chowaopsezera.

Ndinameza manyazi, nkunena zimene bambo sananenepo: kuti pansi pa galimoto pamasungulumwitsa, ndipo ndikanakonda wina atakhala pafupi.

Loweruka linalo Tadala anabwera ndi kampando, nkukhala pamthunzi foni ili m'manja. Sipanala sanaikhudze. Anangoyamba kundifotokozera za mnzake amene anasiya kumuyankhula kusukulu, ine ndikuyankhira pansi pa galimoto, oyilo akundidonthera pachipumi. Chisomo anadutsa kamodzi, nkundisiyira kapu ya madzi pafupi ndi tayala. Kukanakhala kumsika, mtengo woterewu ndikanaukana, nkunyamuka kuti andiitanenso. Tsiku limenelo ndinalandira mtengo woyamba, osanenerera.