Alamu Anga ndi Dziko Lawo la Nkhungu

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi ndinakhala kumudzi kwathu, kufupi ndi Kabwazi, ndikudikira kuti anditumize kusukulu yokaphunzitsa. Mkati mwa sabata ndinkathandiza achimwene kudimba la mbatata ya kachewere ndi kabichi. Koma Lamlungu tikachoka ku Misa, tsiku linkatalika ngati silidzatha. Amene anatichotsa m'kusungulumwa kumeneko anali alamu anga, akazi a achimwenewo.

Alamu anakulira ku Lilongwe ndipo anali namwino pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Pagulu sankayankhulayankhula, moti anthu ankati kwathu kwabwera mkazi wamanyazi. Lamlungu lina la mu Juni, kukuzizira koti zala zinkakanika kupinda, anatulutsa kathumba n'kukhuthulira patebulo timiyala ta pulasitiki tokhala ndi manambala mbali zonse. Anati ndi madayisi, ndipo masewera ake anawaphunzira kwa anzawo kukoleji.

Amayi, omwe ankasankha nyemba pakhomo, anasuzumira. "Si juga imeneyi, mwana wanga?"

"Ayi amayi, pano palibe wodya mnzake," anayankha alamu. "Ndi nkhani chabe, koma timaipanga tonse."

Masewerawo ankayenda chonchi: aliyense ankadzisankhira munthu wa m'nkhani n'kumamuyankhulira. Alamu ndiwo ankafotokoza dziko lonse ndi anthu ena onse okhalamo. Ukafuna kuchita chinthu chovuta, monga kulumpha phompho kapena kunamiza mlonda, unkaponya dayisi. Nambala yaikulu ikatuluka, zatheka. Yaing'ono ikatuluka, zako zada. Achimwene anasankha kukhala msilikali wa nkhwangwa. Msuweni wanga, mwana wa amalume yemwe ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza, anati iye akhala mbala, ndipo sitinadabwe. Ine ndinakhala mtsikana wodziwa mankhwala a zitsamba.

Dziko limene alamu anatikonzera linali la mapiri ngati kwathu konkuno, kungoti nkhungu itagwa chaka china sinachokenso. Chimanga sichinkauma m'munda, nyemba zinkawolera m'makoko, ndipo munthu akalowa mkati mwa nkhunguyo ankaiwala njira ya kwawo, kenako dzina lake lomwe. Anthu ankati mwini nkhunguyo ndi mfumukazi ina yokhala pamwamba pa phiri lalitali. Ife atatu tinatumidwa kukathana nayo.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti alamu akayamba kufotokoza ankasanduka munthu wina. Ankatha kukhala wosula zitsulo wa mawu osasa, kamphindi komweko n'kukhala mwana wolira amene wasochera. Komanso sankaiwala kanthu. Tsiku loyamba msuweni anaba mbuzi m'mudzi wina wa m'nkhanimo, tonse n'kuseka. Patapita miyezi tinafika pachipata cha mzinda titatopa, adani akutithamangitsa, ndipo mlonda wa pachipatapo anali mwini mbuzi uja. Msuweni anagwira kumutu. "Alamu, nanunso! Nkhani ya mbuzi sinathe?"

"Mwini wake sanaiwale," anatero alamu, nkhope ili phee.

Zinthu zinavuta pa mlatho wa zingwe wopita kuphiri la mfumukazi. Pamlathopo pankalondera chimphona chamwala. Ine ndinati tiyambe tabwerera tikafunse anthu, koma achimwene anati msilikali sabwerera. Anathamangira chimphonacho ndi nkhwangwa yawo. Anaponya dayisi, inagwa nambala yaing'ono. Anaponyanso, inagwa yaing'ono kuposa yoyamba. Alamu anaponya ya chimphona poyera, tonse tikuona, ndipo inagwa yaikulu. Kenako anafotokoza mofatsa mmene msilikaliyo anagwera m'phompho, nkhwangwa ikali m'manja.

"Ndiye kuti wavulala?" anafunsa achimwene.

"Wamwalira, bambo."

Achimwene anaimirira mpaka mpando unagwa. "Inu mayi, miyezi yonseyi ndakhala ndikumulera munthu ameneyu. Mungondiphera chonchi, mwamuna wanu?"

"Sindinakuphereni ine. Wosula zitsulo uja anakuuzani kuti chitsulo sichidula chimphonacho, koma chikamva nyimbo chimagona. Inu munali kalikiliki kufunsa mtengo wa nkhwangwa."

"Masewera anuwa ndi ovuta mopitirira. Munthu sapuma. Ukapulumuka uku, uko kwabuka china. Bwanji osangonena kuti wagwira chingwe?"

"Ndikatero lero, mawa mukapambana mudzadziwa bwanji kuti mwapambana nokha?"

Msuweni analowerera, mbali ya achimwene. Anati ngakhale iye amaona kuti adani a alamu ndi amphamvu kwambiri, ndipo munthu amabwera kudzasangalala, osati kudzalemba mayeso. Ine ndinati vuto si adaniwo koma ife, chifukwa aliyense amangochita zake. Tinakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Achimwene anatuluka atanena kuti iwo basi, sadzaseweranso.

M'mawa mwake ndinali ndi alamu kudimba, tikukumba kachewere asanapite kuntchito. Anaika khasu pansi n'kundifunsa, "Alamu, mundiuze zoona. Ndinaonjeza?"

Ndinadabwa, chifukwa dzulo lake ankaoneka wosagwedezeka. Anandiuza kuti msilikaliyo ankamukonda kuposa mmene achimwene ankamukondera, ndipo anali atamukonzera kale zinthu zambiri kutsogolo, kuphatikizapo kukumana ndi bambo ake amene anasochera m'nkhungu. Zonsezo zinagwera m'phompho limodzi naye. Anati pa imfayo sabwerera m'mbuyo, koma pena anavomera kuti achimwene ndi msuweni ankanena zoona: chenjezo la wosula zitsulo analinena kamodzi kokha, mothamanga, pakati pa nkhani zina. Kuyambira pamenepo chinthu choopsa chikamayandikira ankachionetsa poyera, mwina mafupa m'mbali mwa njira, mwina mbalame zitasiya kulira. Adaniwo sanawafewetse ngakhale pang'ono.

Achimwene anasungadi mawu awo kwa masabata angapo. Koma Lamlungu lililonse ankapeza chifukwa chokhalira pafupi. Tsiku lina ankakonza mpope wopopera mankhwala pakhonde, pansi penipeni pa zenera. Ine ndi msuweni titatsala pang'ono kulowa m'phanga lina, tinangomva mawu kuchokera panja: "Musalowe mmenemo, opusa inu! Simunamve kuti mbalame zasiya kulira?"

Alamu sanaseke. Anangokankhira mpando pafupi ndi tebulo.

Achimwene anabwerera m'masewera ngati munthu wina: nkhalamba yoimba zeze, yamantha, yosatha ngakhale kunyamula mkondo. Nkhalamba imeneyo ndiyo inagoneka chimphona chija, ndipo alamu anaumirira kuti achimwene aimbedi nyimboyo pakamwa asanaponye dayisi. Anaimba nyimbo yotonthozera mwana, ife tikugubuduka ndi kuseka. Tinawoloka.

Titafika pamwamba pa phiri, nkhani inatembenuka. Mfumukaziyo tinaipeza itawonda, itatopa, ikulephera kuima. Inatitengera kumapeto kwa thanthwe n'kutsegula nkhungu pang'ono. Kuseri kwa mapiri kunali gulu lalikulu la nkhondo limene linakhala likufunafuna njira yolowera m'dzikomo. Nkhungu yomwe inkawoletsa mbewu zathu ndiyo inkatibisa. Tikaipha mfumukaziyo, dzuwa liwala koma adani alowa. Tikaisiya, anthu apitiriza kufa ndi njala.

Masana amenewo panapita nthawi yaitali popanda woponya dayisi. Tinakangana ngati nkhani ya munda weniweni. Msuweni ankati njala ndi yoipa kuposa nkhondo, chifukwa mdani umatha kumuthawa. Achimwene, omwe kale akanangosolola nkhwangwa, ankati tifunse kaye ngati nkhunguyo ingasunthidwe. Ine ndinkafuna kudziwa chimene chidzachitike mfumukaziyo ikadzafa yokha ndi kutopa. Tinkatembenukira kwa alamu kuti atiuze yankho lolondola, iwo n'kungoti, "Inenso sindikudziwa. Ndinakonza funso lokha."

Pomaliza tinagwirizana kuti mfumukazi ichotse nkhungu kuminda n'kuiunjika pamipata ya mapiri. Koma mphamvu zake sizikanakwanira mipata yonse. Umodzi unayenera kutsala poyera, ndipo pansi pa mpata umenewo panali kamudzi ka oweta nkhosa. Tinathamanga kukawachenjeza. Tinaponya madayisi kuti tione ngati tikafike m'nthawi yake, ndipo anagwa pakatikati. Alamu anafotokoza kuti dziko linapulumuka, chimanga chinauma, koma kamudziko tinakapeza katapsa. Akuluakulu ambiri anathawira kwa ife. Ana amene anali kubusa tsikulo sanaoneke.

Kunja kunali kotentha tsopano, mwezi wa Okutobala, ndipo kalata yonditumiza kusukulu ina ya ku Lobi inali itafika kale. Tonse tinkadziwa kuti Lamlungu lotsatira sindidzakhalapo.

Msuweni, munthu amene sindinamuonepo akudandaula za wina aliyense, anakanda patebulo ndi chala. "Ndiye ana ajawo ali kuti, alamu?"

"Adani anawatenga amoyo. Mapazi awo akuoneka, alowera kumpoto."

"Mbala yangayo isabwerere kumudzi," anatero msuweni. "Muzinena kuti inatsatira mapaziwo."

Alamu anavomera ndi mutu, ndipo anatseka nkhaniyo pomwepo, mbala ikutsika phiri yokha ndi kamtolo ka chimanga chatsopano kumsana.