Botolo la vinyo limene sindinamwe

Ndatopa, abale. Ntchito yanga yatha chifukwa cha botolo la vinyo, ine amene sindinalawepo mowa chibadwire.

Ndimakhala ku Beaumont Leys, dera lina la mzinda wa Leicester, ndipo ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo. Viza yanga inali m'manja mwa kampani imene inandilemba. Kampaniyo inanditumiza kwa agogo ena achizungu, eni munda wa mpesa wotchuka kunja kwa Leicester.

Munda umenewo uli ndi mbiri. Ndikamawameta ndevu, agogowo ankandiuza kuti iwo ndi akazi awo anabzala mpesa woyamba anthu akuwaseka, ati mphesa sizingapse m'chisanu cha kuno. Anakakamira. Mizere anailozetsa kumene dzuwa limawomba bwino, mphesa amathyola ndi manja basi, ndipo chaka chikavuta sapanga vinyo n'komwe, kuopa kuipitsa dzina. Mabotolo amagona m'chipinda cha pansi zaka zambirimbiri asanapite ku maukwati a anthu olemera. Nkhaniyi ankaibwereza tsiku ndi tsiku, poti mutu unali utayamba kuiwala, ine n'kumangovomera ngati ndikuimva koyamba.

Tsiku lina anatulutsa botolo lafumbi m'kabati, nati, "Ili ndi la mphesa zoyamba zimene tinakolola ndi malemu mkazi wanga. Tenga, mwana wanga."

Inu owerenga, lamulo ndinkalidziwa, loti sitilandira mphatso. Koma kwathu ku Ntcheu wamkulu akakuninkha chinthu sumukanira. Ndinagwada pakapetipo n'kulandira ndi manja awiri. Manijala wa kampani yathu sindinamuuze. Botolo ndinakangoliika pamwamba pa wadiropu.

Sipanapite nthawi, mwana wawo wamwamuna, amene akuyendetsa mundawo tsopano, anaona kuti lasowa. Linali lotsala lokhalo, ndipo banja linkalisunga ngati diso. Anandiitana pamodzi ndi manijala, agogo ali pampando wawo. Ndinafotokoza zonse. Mwana uja anawafunsa ngati anandipatsadi. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, ine amene ndinawasambitsa chisanu chonse, kenaka anafunsa kuti mayi ameneyu ndi ndani. Kalanga ine! Sindikwiya nawo ayi, si iwo, ndi matenda.

Botolo ndinabweza losatsegula, koma dzina loti wakuba linandikanirira. Kampani inandichotsa. Kulikonse ndikafunsira ntchito amaimbira kampani yakaleyo, basi zii. Viza ikutha ndikuyang'ana, ndipo mayi anga kumudzi sindinawauzebe, ndikusowa poyambira.

Anzanga amene mukusamalira okalamba kuno, amene akukupatsani mphatso lero mawa sadzakumbuka, ndipo palibe adzakuikireni umboni. Kaya ndi bisiketi, thokozani, kanani, ndipo mumuuze manijala tsiku lomwelo. Bola akuyeseni amwano. Ine ndinaopa kuoneka wamwano, lero ndikulongedza sutikesi.