Mbawa ya pa Kasupe

Amuna anga analowa chikamwini kwathu, m'munsi mwa phiri la Chiradzulu, nthawi imene asilikali ankabwerako kunkhondo. Ntchito yawo inali yocheka matabwa. Iwo ankaima m'dzenje, mnzawo pamwamba pa chipika, sowo ikukwera ndi kutsika, ndipo madzulo ankafika atayera mutu ndi utuchi ngati nkhalamba.

Kumtunda kwa mudzi, polowa m'nkhalango ya boma, kunali kasupe wathu, patsinde pa mbawa yaikulu. Madzi ake ankazizira mpaka mano kuwawa, ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tinkapita kukatunga, koma kunena zoona tinkapitiranso miseche. Mitsuko inkadzaza kale ife tikadali pa nkhani ya mkamwini wa uje. Malo amenewo ndimawasowa mpaka lero.

Chaka china kunabwera kapitawo wa nkhalango ndi chitini cha utoto woyera. Mtengo uliwonse umene waupaka unali wogwetsa. Anati sakumaliza nkhalango, akungopatulira monga timachitira ndi chimanga. Amuna anga analembedwa ntchito yocheka, ine ndinavina.

Kuvinako kunatha tsiku limene ndinapeza utoto pa mbawa yathu. Pakamwa panga sipanali pabwino ndili mtsikana, ndipo sipanasinthe. Ndinamema amayi anzanga, tinakakhala pansi mozungulira tsinde, mitsuko pamiyendo. Kwathu aliyense ankadziwa kuti madziwo amachokera mu mtengo umenewo. Kapitawo anatinyengerera, kenako anatiopseza ndi apolisi a pa Boma, koma palibe anasuntha.

Dzuwa litapendeka anatopa nafe. Anati, "Chabwino amayi, mtengo wanuwu ndausiya. Nanga mitengo ina ya kumtundaku?"

Ndinayankha ndine, mokweza: "Imeneyo dulani, bambo, ilibe madzi."

Anapala utotowo ndi nkhwangwa, ife tinatsika tikuimba. Safunsa anadya phula. Palibe mmodzi mwa ife amene anadzifunsa kumene mbawayo inkawatenga madzi ake.

Anacheka chilimwe chonse ndi chotsatira. Kupatulira kuja kunasiya phiri likuoneka nthiti. Mvula itagwa, madzi anatsika ofiira, n'kukokolola nandolo wa m'munda mwa mayi anga. Kasupe anayamba kuchepa, tinkachita kudikirira ndi chikho, ndipo amayi amene tinkaseka nawo tinayamba kukanganirana malo. Chilimwe chachitatu kasupe anauma, mbawa ili chiimire.

Amuna anga sanandidzudzulepo, nanenso sindinawadzudzule. Ndikanayambira pati? Miyezi yonse imene anali m'phiri, ine ndinkasenza mtsuko kawiri pa tsiku kuchokera pa kasupe yemweyo, kukapatsa ochekawo madzi kuti asafooke.