Dzina Limene Ndinapatsa Mdzukulu Wanga

Mdzukulu wanga atabadwa kuno ku Perth, makolo ake anandipatsa ulemu womutcha dzina. Ndinasankha la pulezidenti wachitatu wa Amerika, amene tinaphunzira ku sekondale kuti analemba zoti anthu onse analengedwa ofanana, ndiponso kuti ufulu umatetezedwa ndi nzika zophunzira.

Mkamwini wanga anatsitsa mawu: "Bambo, komatu munthu ameneyu anali ndi akapolo."

"Mwasokoneza ndi wina," ndinatero pamaso pa alendo onse amene anabwera kudzaona mwanayo. "Phunziro la mbiri yakale ndinalikhoza bwino ine." Iye anapepesa.

Kutatsala masiku atatu kuti mwana abatizidwe, ndinapita ku laibulale ya ku Fremantle, pafupi ndi Perth, kukafuna umboni womuonetsa mkamwiniyo. Buku loyamba linati munthuyo anasunga akapolo mazanamazana. Ndinapukuta magalasi, n'kutsegula lachiwiri. Zomwezo! Ndinakwera sitima kubwerera kunyumba.

Lamlungu abusa atafunsa dzina la mwana, onse anayang'ana ine. Ndikuvomera kuti ndinalitchula, momveka bwino ndithu.

Mwanayo tsopano akuyenda. Banja lonse limamuitana dzinalo, monga ndinalamulira. Ine ndekha ndimangoti "mdzukulu," ndipo mkamwini sanandifunsepo chifukwa chake.