Tsiku Limene a Kalipentala Anamva Chingerezi Chawo

Mumsewu wathu wonse munalibe munthu waulemu kuposa a Kalipentala. Ngakhale mwana wa zaka zisanu ankamutchula kuti "inu". Akapita kukabwereka wilibala, ankayamba kufunsa za nyamakazi ya eni nyumba, kenako za mvula, mpaka mwini wilibala ankachita kuwakumbutsa chimene abwerera. Akazi awo ankawaseka kuti nyumba itayaka, iwo angayambe kaye apepesa moto asanauthire madzi.

Sukulu analekezera sitandade folo, bambo awo atamwalira. Chingerezi anachitola pomanga nyumba, pomwe ankakhoma malata ali mnyamata, ndipo mphunzitsi wawo anali kapitawo wina wolusa amene sankadziwa kupempha. Mawu omwe ankamva tsiku lonse ndi amene anasunga: givimi, bring'i, ayi wanti. Iwo ankayesa kuti m'Chingerezi amapempha choncho.

Atakula analembedwa ntchito pashopu yopanga mipando, ya mayi wina wochokera kunja amene Chichewa chinamukanika. Pofika nthawi ya nkhaniyi anali atagwirapo zaka khumi ndi chimodzi. Guluu akatha, ankagogoda kuofesi, chipewa chili m'manja, n'kunena mofatsa kuti, "Givimi guluu." Anzawo anawapatsa dzina loti a Givimi. Iwo ankavomera mokondwa, poyesa kuti akuwatama chifukwa chosaopa chizungu.

Mwana wawo wachisamba, mtsikana, anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Kutatsala masiku awiri kuti akalandire satifiketi, anadzera kushopuko kuti akasankhire bambo ake nsapato. A Kalipentala anamulowetsa muofesi kuti abwana amuone, komanso kuti iye amveko momwe bambo ake amachilavulira Chingerezi.

"Fulaide ayi no kamu," anatero. "Givimi dei."

Abwanawo anapumira m'mwamba, n'kuyankha kuti zamveka. Mlembi amene anakhala pakona anabisa nkhope kuseri kwa kompyuta.

Nsapato anakayesa, anagula, mtsikana ali duu. Bambo ake atamufunsa kachitatu chomwe chavuta, iye anayang'ana pansi.

"Ababa, pajatu simunapemphe. Munawalamula."

Anawafotokozera kuti zinali ngati munthu kuuza apongozi ake kuti "ndipatse tsikulo, sindibwera". A Kalipentala anayamba aseka, nati mwanayu sukulu yamupweteka. Koma ali mubasi anayamba kuwerenga anthu amene anawayankhula Chingerezi chimenechi: makasitomala, dokotala amene anachita opaleshoni akazi awo, mlendo wina wokalamba amene anamuuza kutchalitchi kuti asunthe. Dzina lija la a Givimi linawabwerera m'makutu, ndipo ulendo uno analimva bwino. Thukuta linatsika mpaka m'kolala. Pofika kunyumba chakudya sanachikhudze.

Lachisanu, kumwambo wa satifiketi, anakhala pampando ngati obwerekedwa. Mwana wawo atabwera ndi aphunzitsi ake kuti awapatse moni, iwo anangogwedeza mutu, kuopa kutsegula pakamwa.

Mtsikanayo anawalembera mawu aulemu a Chingerezi awiri atatu pakapepala, nawaphunzitsa katchulidwe kake: mei ayi, kudu yu, pulizi. Ankayeserera m'bafa, madzi akuthira mwaphokoso kuti asamveke. Tsiku lina akazi awo anayankha ali panja kuti, "Ndakulolani, bambo, tulukani." Iwo sanaseke nawo.

Kuntchito sandipepala anawathera Lolemba. Anapala tebulo ndi chidutswa chake chakutha, chosalala ngati nsalu, kwa masiku atatu, zala mpaka kutupa, kusiyana ndi kukagogoda chitseko chija. Lachinayi anagonja.

"Mei ayi," anayamba, chipewa akuchipinda. "Pulizi. Kudu yu…"

Pamenepo zonse zinathawa m'mutu, ndi dzina la sandipepala lomwe. Abwana anaimirira ali ndi mantha, poganiza kuti kwagwa maliro, naitana mlembi kuti amasulire. Apo a Kalipentala anangoyamba Chichewa. Anapepesa zaka khumi ndi chimodzi zonse, anatchula za kapitawo uja, nanena kuti makolo awo sanawalere chomwecho. Anayankhula nthawi yaitali, koma mlembi anazimasulira m'mawu ochepa kwambiri.

Abwanawo anati chaka choyamba anatsala pang'ono kuwachotsa ntchito, kalata anali atalemba kale, koma mipando yawo inali yabwino kwambiri, ndiye anangozolowera. Anati nkhaniyo isawavute. Ankafuna kuwatonthoza, koma za kalatazo zinawalasa a Kalipentala kuposa zonse. Anathokoza, natuluka chammbuyo, n'kuiwala chimene anabwerera. Sandipepalayo mlembi ndiye anachita kuwapititsira.

Anagwiranso pashopupo zaka zinayi asanapume. Kupempha anakudziwa, ndipo sanaphonyenso, kungoti mawu ankatuluka otsika kwambiri moti abwana nthawi zambiri ankawauza kuti abwereze. Masiku ano amakhoma timipando pakhonde la nyumba yawo. Kukabwera kasitomala wa Chingerezi, amamupatsa pokhala, n'kulowa m'nyumba kukaimbira foni mwana wawo.