Thonje la mu Nkhwayira za a Lonia

M'mawa uliwonse a Yoweli a ku Zemba, asanakhudze njinga za anthu zimene ankakonza, ankatsina thonje pang'ono, n'kuliponderera mu nkhwayira ya kumanja ya akazi awo, a Lonia. Nkhwayirazo anadula okha ku tayala lakutha la lole chaka chimene anabwerera kuchokera ku migodi, 1954.

A Lonia anadwalapo khate. Mankhwala a ku mishoni analiletsa, koma mapazi anatsala osamva kanthu, ngakhale munga. Pansi pa phazi, patsinde pa chala chachikulu, panali kabala kosapola. Namwino anawachenjeza kuti bala likafika pafupa, phazi lidzadulidwa. A Yoweli anaganiza kuti pamene pali bala m'pamene pafunika pofewa. Thonje linalipo kuseri kwa nyumba, ndiye ankangothyola n'kuwonjezera pamwamba pa ladzulo. Balalo sankaliona, chifukwa a Lonia ankalimanga okha ndi kansalu.

Tsiku lina masana a Lonia anafika kuchokera kuchitsime ndi mtsuko pamutu, akuimba. Kumbuyo kwawo, pabwalo losesedwa bwino, panali madontho ofiira mzere wonse.

"Amake Eneya, imani pomwepo!"

"Mwaona njoka kodi? Kapena lero mwakumbuka kuti ndine wokongola?"

A Yoweli anagwada, n'kuvula nkhwayirayo. Kansalu kanali katanyowa. Atakamasula anangoti kukamwa yasa. Kabala kaja kanali katasanduka dzenje loti chala chikhoza kulowa. Anapisa dzanja mu nkhwayira, n'kupeza thonje lawo lonse litaumbana, lolimba ngati mwala, nthanga zake zitatulukira pamwamba. Sanaganizepo zochotsa nthanga.

Anavala nkhwayirayo okha n'kuimirira. Ululu unawalasa mpaka m'chiuno.

"Mayo! Mwakhala mukuyenda pa chimenechi?"

"Nanga ine ndingadziwe bwanji? Inu mukulira ngati mwana, mwini phazi ndili phee."

Koma a Lonia atapinda mwendo n'kuliona balalo, nthabwala zinatha. Anayang'ana amuna awo, n'kufunsa motsitsa mawu, "Abambo ake a Eneya, alidula?"

A Yoweli anatsuka balalo ndi madzi amchere. Kenaka anaponda ndi phazi lawo lomwe pa dothi lonyowa pamene madzi anatayikira, n'kuyang'ana chidindo chake nthawi yaitali. Chidendene chinazama, ndiponso patsinde pa chala chachikulu, koma pakati pa phazi sipanakhudze dothi n'komwe. Choncho thupi lonse limatsamira pamalo a bala paja, ndipo iwo tsiku ndi tsiku ankawonjezera chulu pomwepo.

Kutacha sanapite kuseri kwa nyumba. Anatenga chubu chakutha cha njinga, n'kudula zigamba zingapo, n'kuzimata pamodzi m'kati mwa nkhwayira ija. Pakati pa phazi anakweza kuti ponsepo panyamule katundu. Pamalo a bala anaboola, n'kupala m'mphepete mwa bowolo kuti musacheke mnofu. Anavala okha, n'kuzungulira bwalo, akumvetsera ndi phazi lawo pamene pakuluma, n'kumapalanso.

A Lonia anatambasula mwendo kuti avale, koma a Yoweli anamangirira nkhwayirazo ku chiwongolero cha njinga.

"Zikaonedwe kaye ndi anamwino. Kwerani kumbuyoku. Lero phazi limeneli silikhudza pansi."