Lamba pa Nthiti Zothyoka

Galimoto ya kampani yomwe ndinkayendetsa inagubuduzika itawombana ndi lole. Adokotala anati ndikanapanda kumanga lamba, akananditola pamsewu. Nditatuluka m'chipatala ndinabindikira m'kachipinda kathu ka antchito ku Najma, dera lina la mzinda wa kunja komwe tinkagwira ntchito, nthiti zili zothyoka. Anzanga akapita ku ntchito ndinkatsala ndekha, n'kumangoyang'ana matabwa a bedi lapamwamba.

Lachisanu lina, tsiku lopuma kumeneko, bambo wina wachikulire wa ku Chipata, dalaivala mnzanga, anabwera kudzanditenga kuti tikapemphere kutchalitchi ku Abu Hamour. Nditangomanga lamba m'galimoto yawo, lambayo anandifinya pamene pankawawa pomwepo, mpweya n'kundithera. Ndinadzionanso ndili lende chadodolido m'galimoto ya ngozi ija, petulo akununkha, chitseko chikukana kutseguka. Dzanja linathamangira kukamasula.

"Achimwene, mukamasula sindiyenda," anatero bambowo.

"Bambo, lambayu akundipana. Ndisiyeni nditsike."

Anazimitsa injini, anatsitsa galasi, kenako anapinda thaulo lawo n'kuliika pakati pa lamba ndi chifuwa changa. Tinakhala pomwepo, mpweya wotentha ukulowa, mpaka nditawauza kuti tinyamuke. Kutchalitchi tinafika nyimbo zitayamba kale, ine malaya atanyowa ndi thukuta.